Fabiano, Fabian, Fabiola: mmene mungasankhire ndi kugwiritsa ntchito dzina lochokera kwa Fabius

Kholo limene likufuna kutcha mwana dzina la Fabiano, kapena munthu amene ali nalo kale ndipo akufuna kudziwa chimene anasenza, amakumana ndi mayankho awiri osagwirizana. Ena amati dzinali limatanthauza mlimi wa nyemba. Ena amati ndi munthu wodekha, wosapupuluma pankhondo. Onsewa sakunama, koma akunena zinthu ziwiri zosiyana. Za nyembazo ndi gwero la liwu lenilenilo, pamene za kudekhazo ndi mbiri ya munthu mmodzi, mkulu wa asilikali wa ku Roma dzina lake Quintus Fabius Maximus. Palinso chachitatu chimene ambiri amachidumpha: dzinali silinalowe m'mabuku a ubatizo kudzera mwa msilikaliyo ayi. Linadzera mwa papa amene anakhala pampando patapita zaka zoposa 400 msilikaliyo atamwalira. Mukalekanitsa zitatuzi, kusankha maonekedwe a dzina, kulilemba ndi kulifotokoza sikuvutanso.

Yambani ndi kumasula dzina la mwini wake

Mwamuna wa m'banja lotchuka ku Roma ankakhala ndi maina atatu, nthawi zina kuposerapo, ndipo lililonse linali ndi ntchito yake. Mwini nkhaniyu dzina lake lonse ndi Quintus Fabius Maximus Verrucosus, ndipo pambuyo pake anamuwonjezera lakuti Cunctator.

Quintus ndilo dzina lakelake, limene ankamuitana nalo pakhomo. Maina amtunduwu anali ochepa kwambiri moti polemba ankangoika chilembo chimodzi, n'chifukwa chake m'mabuku mumapeza Q. Fabius. Fabius ndi dzina la fuko, ndipo linkayenda kuchokera kwa bambo kupita kwa ana. Mwamuna aliyense wa fukoli anali Fabius, mkazi aliyense anali Fabia. Maximus, kutanthauza wamkulu koposa, ndi dzina la nthambi imodzi ya fukolo. Anthu ambiri amaganiza kuti analipeza yekha chifukwa cholimbana ndi Hannibal, mdani wamkulu wa Aroma, koma analilandira ngati cholowa. Wolemba mbiri Livy akuti linayamba ndi kholo lake Quintus Fabius Maximus Rullianus, amene anali pa udindo wa kalembera wa nzika mu 304 BC. Verrucosus ndi dzina lomusereula chifukwa cha njerewere imene inali pamwamba pa mlomo wake. Ali mwana ankamutchanso Ovicula, kankhosa, poti anali wofatsa, wochedwa kulankhula ndiponso wosachedwa kugonjera anzake pamasewera. Cunctator, wozengereza, linabwera ali wamkulu kale, ndipo poyamba chinali chipongwe.

Apa pali phunziro loyamba kwa wosankha dzina. Mukatcha mwana Fabius, mwamupatsa dzina la fuko lonse, osati la munthu mmodzi. A Fabius analipo ambiri. Alipo 306 amene mbiri ya Aroma imati anathera limodzi pa mtsinje wa Cremera mu 477 BC polimbana ndi mzinda wa Veii, n'kutsala mnyamata mmodzi yekha amene anapitiriza mbumba. Aliponso Fabius Pictor, Mroma woyamba kulemba mbiri ya mzinda wake. Koma kulikonse kumene dzinali latchulidwa popanda kufotokoza, anthu amaganiza za Cunctator.

Nanga Fabian ndi Fabiano zikuchokera kuti? Aroma ankaphatika -ianus kumapeto kwa dzina la fuko pofuna kunena kuti munthuyu kapena chinthuchi n'chochokera kwa akutiakuti. Mwana wobadwira m'fuko lina akatengedwa kukaleredwa ngati mwana wa fuko lina, ankasunga chizindikiro cha kwawo mwanjira imeneyi. Octavius atatengedwa ndi Julius Caesar anakhala Octavianus. Choncho Fabianus ndi "wa kwa Fabius". Fabiola ndi Fabia wochepetsedwa mwachikondi, monga mmene timaikira ka- patsogolo pa dzina la mwana.

Za nyemba zija

Liwu la Chilatini lakuti faba ndi dzina la mbewu. Pliny wamkulu, m'buku lake lofotokoza zachilengedwe, analemba kuti mabanja ena otchuka a ku Roma anatenga maina ku mbewu zimene makolo awo ankalima bwino: a Fabius ku faba, a Lentulus ku mphodza, a Cicero ku tchana. Umu ndi mmene tanthauzo lakuti mlimi wa nyemba linabwerera, ndipo ndilo limene mabuku ambiri a maina amatsatira.

Zinthu ziwiri muzisamale pofotokoza zimenezi. Choyamba, faba si nyemba zathu zapamsikazi. Nyemba zimene timadya ndi nsima zinachokera ku America ndipo Aroma sanazionepo. Faba ndi nyemba zikuluzikulu zaphwatalala zimene zimamera pa chitsamba choima chilili ndipo zimakonda nyengo yozizira. Mpaka lero ku Egypt ndi ku Ethiopia ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Ngati mukukonza chithunzi cha pakhadi la ubatizo kapena chizindikiro cha bizinesi, kujambula nyemba zoyanga ndi kulakwitsa. Chachiwiri, si onse akale amene anavomereza za nyembazi. Plutarch, amene analemba mbiri ya moyo wa Fabius, anatchula mwambi wina wakuti fukoli poyamba linkatchedwa Fodii chifukwa makolo awo ndiwo anayamba kukumba mbuna zokolera nyama, ndiponso kuti iwo eni ankati ndi zidzukulu za Hercules, ngwazi ya m'nthano zawo. Zimenezi zikumveka ngati nkhani za banja lofuna kudzikometsera mbiri, ndipo za nyemba n'zimene zili pafupi ndi liwu lenilenilo. Komabe munganene mosaopa kuti "dzinali amalilumikiza ndi nyemba", osati "limatanthauza wodekha". Kudekhako n'kwa munthu, si kwa liwu.

Zimene munthuyo anachita, kuti muzifotokoze molondola

Mwana akadzafunsa kuti dzina langa n'la ndani, yankho lakuti "n'la msilikali wina wa ku Roma" ndi loperewera. Nkhani yake ili motere.

Mu 218 BC Hannibal, mtsogoleri wa asilikali a ku Carthage, mzinda umene unali m'dera limene lero ndi Tunisia, anadutsa mapiri a Alps n'kulowa mu Italy. Anagonjetsa Aroma pa mtsinje wa Trebia, kenako mu 217 BC anawabisalira m'mbali mwa nyanja ya Trasimene n'kupha asilikali pafupifupi 15,000 pamodzi ndi mtsogoleri wawo Flaminius. Roma inali ndi lamulo lakuti zinthu zikafika pothina, mphamvu zonse azipereke kwa munthu mmodzi kwa miyezi 6 yokha. Udindowu unkatchedwa dictator. Musaumasulire kuti wolamulira wankhanza monga tikumvera liwuli masiku ano, chifukwa unali udindo wovomerezeka ndi malamulo ndipo unali ndi tsiku lothera. Amene anapatsidwa anali Fabius, munthu wachikulire kale amene anali atakhalapo kawiri pa udindo wa konsulo, ndiye kuti mmodzi wa atsogoleri awiri amene ankasankhidwa chaka ndi chaka.

Fabius anaona chimene anzake ankakana kuona. Hannibal anali ndi asilikali apakavalo abwino kuposa a Roma, ndipo pabwalo loyera panalibe womugonjetsa. Koma anali kutali ndi kwawo, chakudya ankachita kulanda m'minda, ndipo msilikali wake aliyense akafa kunali kovuta kupeza wolowa m'malo. Choncho Fabius anakana nkhondo yamaso ndi maso. Ankayenda m'zitunda momwe akavalo sangathamange, akumutsata mdaniyo chapatali, osamutaya komanso osamuyandikira. Timagulu ta Hannibal tikapatuka kukasaka chakudya, ndi timene ankatigwira. Anthu okhala m'njira imene mdani ankadzera anauzidwa kuti asamukire m'malo otetezedwa ndipo awononge zimene sangathe kunyamula.

Ku Roma zimenezi zinawanyansa. Minda ya m'chigawo cha Campania inkapsa asilikali awo akuonerera ali paphiri. Anayamba kumutcha kapolo woperekeza Hannibal, ngati kapolo uja ankatsata mwana wa bwana popita kusukulu. Hannibal naye anathira mchere pachilonda: powotcha minda, wa Fabius ankausiya dala kuti anthu aziti awiriwa akugwirizana. Fabius anayankha pogulitsa mundawo n'kuwombolera asilikali amene anagwidwa ukapolo, nyumba ya malamulo itakana kutulutsa ndalama.

Musabise kuti ananyengedwapo. M'dera la Ager Falernus anatsekera Hannibal njira zonse zotulukira m'chigwa. Usiku Hannibal anamangirira nkhuni ku nyanga za ng'ombe pafupifupi 2,000, n'kuziyatsa, n'kuzithamangitsira kuphiri. Alonda a pampata ataona miuni anaganiza kuti gulu lonse likuthawira kumeneko, anasiya malo awo, ndipo Hannibal anadutsa pampatapo mwakachetechete. Fabius, poopa msampha, sanatuluke mumsasa mpaka kunacha.

Zitatero anthu anakweza wachiwiri wake, Minucius, kuti akhale ndi mphamvu zofanana naye. Awiriwa anagawana asilikali. Sipanapite nthawi, Minucius analowa mumsampha pafupi ndi Geronium, ndipo amene anatsika kudzamupulumutsa anali Fabius yemweyo. Olemba akale akuti Minucius anabweza udindo n'kumutcha bambo. Miyezi 6 itatha Fabius anatula pansi udindo monga mwa lamulo. Chaka chotsatira, mu 216 BC, Aroma anasonkhanitsa gulu lalikulu kuposa onse amene anakhalapo nawo n'kukakumana ndi Hannibal pa Cannae. Anazingidwa mbali zonse. Livy akuti anafa anthu oposa 48,000 tsiku limodzi, wolemba mbiri wina, Polybius, akuti 70,000. Kuyambira pamenepo dzina lakuti wozengereza linasanduka ulemu. Wolemba ndakatulo Ennius anadzalemba mzere umene Aroma ankauloweza, wonena kuti munthu mmodzi, mwa kuzengereza, anawabwezera dziko. Fabius ankatchedwa chishango cha Roma, pamene Marcellus, mnzake wokonda kuukira, ankatchedwa lupanga.

Anakhala konsulo kasanu konse: mu 233, 228, 215, 214 ndi 209 BC. Pali mbali ziwiri zimene okonda kumutamanda amazisiya. Mu 209 BC analanda mzinda wa Tarentum mothandizidwa ndi mkulu wina wa alonda amene anapereka anzake, ndipo asilikali ake anapha anthu ambiri n'kugulitsa pafupifupi 30,000 ukapolo. Ndiponso atakalamba anatsutsa kwamtuwagalu maganizo a Scipio, mtsogoleri wachinyamata wa asilikali a Roma, akuti nkhondo ipite ku Africa. Scipio anapita ndithu, Hannibal anaitanidwa kwawo, ndipo anagonjetsedwa pa Zama mu 202 BC. Fabius anamwalira mu 203 BC, asanaone zimenezo. Kunena mwachilungamo, njira yake inapulumutsa Roma kuti isafe, koma amene anamaliza nkhondo ndi munthu amene iye ankamutsutsa.

Njira ya ku tchalitchi

Dzinali mulibe m'Baibulo. Wina akakuuzani kuti lilimo, mwina wasokoneza ndi Felike kapena Festo a m'buku la Machitidwe. Chimene chinalisunga pakati pa Akhristu ndi Papa Fabian, amene anasankhidwa mu 236. Eusebius, wolemba mbiri ya mpingo, analemba kuti Fabian anali munthu wochokera kumudzi amene anangobwera kudzaonerera chisankho, ndipo nkhunda itatera pamutu pake anthu anafuula kuti ndi yemweyu. Anatsogolera mpingo wa ku Roma zaka 14, anagawa mzindawo m'zigawo 7 n'kuika dikoni m'chigawo chilichonse, ndipo anafa pa 20 January 250, kumayambiriro kwa chizunzo cha mfumu Decius. Anaikidwa m'manda a pansi panthaka a Callixtus. Tsiku lomukumbukira ndi 20 January, limodzi ndi Sebastian woyera.

Kwa mwana wamkazi, nkhoswe yake ndi Fabiola woyera, mayi wolemera wa fuko lenileni la Fabius, amene anamwalira cha mu 399. Jerome, womasulira Baibulo m'Chilatini, ndiye analemba za iye: anasiya mwamuna woyamba amene anali wakhalidwe loipa, anakwatiwanso, analapa poyera, kenako anagulitsa chuma chake n'kutsegula chipatala cha anthu osauka mu Roma, kumene iye mwini ankatsuka zilonda za odwala. Amamukumbukira pa 27 December.

Mukapita kukalembetsa ubatizo, nenani kuti nkhoswe ndi uti, chifukwa Fabius msilikali uja si woyera ndipo sanali Mkhristu. Anafa zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe. Lamulo la Mpingo wa Katolika, ndime 855, silikakamiza dzina la woyera. Limangoti makolo, oimira mwana ndi wansembe aonetsetse kuti dzina lisakhale lotsutsana ndi chikhristu. Choncho Fabio kapena Fabia sangakanidwe, ngakhale kuti akatekisiti ambiri amakondwa akamva dzina limene lili pa kalendala ya oyera.

Sankhani maonekedwe amodzi

Dzinali lili ndi nthambi ziwiri. Yochokera kwa Fabius mwachindunji ndi Fabio wa ku Italy ndi ku Spain, ndi Fábio wa Chipwitikizi. Okonda mpira amadziwa Fabio Cannavaro, amene anatsogolera Italy kutenga chikho cha dziko lonse mu 2006, ndi mphunzitsi Fabio Capello. Nthambi ya Fabianus ndi imene ili ndi Fabian wa Chingerezi ndi Chijeremani, Fabián wa Chisipanishi, Fabien wa Chifalansa monga goloboyi Fabien Barthez, Fabiano wa ku Italy ndi ku Brazil, ndi Fabião wa Chipwitikizi. Akazi ali ndi Fabia, Fabiana, Fabienne ndi Fabiola. Fabius weniweniyo masiku ano amapezeka kwambiri ngati dzina la banja, monga Laurent Fabius amene anali nduna yaikulu ya France kuyambira 1984 mpaka 1986.

Posankha, litchuleni mokweza pamodzi ndi dzina la bambo kapena la mfunda, ndipo mumve mmene agogo alitchulire, chifukwa iwo ndiwo adzaliitane tsiku lililonse. Chichewa chimakoka liwu pa phatikizo lotsatizana ndi lomaliza ndipo chimafuna kuti liwu lithere pa lembo la liwu. Fabiano amalowa bwino m'kamwa mwathu popanda kusintha kanthu, ndipo timamutchula pafupifupi mmene amamutchulira ku Italy. Fabian sathera pa lembo la liwu, ndiye pakamwa amasanduka Fabiyani kapena Febiyani, malingana ndi kuti womutchulayo akutsata kalembedwe kapena katchulidwe ka Chingerezi. Fabio eni ake amatsindika pa Fa-, ife timatsindika pa -bi-. Fabien ndi Fabienne ndi ovuta kwambiri: m'Chifalansa wamwamuna amathera m'mphuno pamene wamkazi amamveka n, kusiyana kumene kwa ife kumatayika, moti mwana wamwamuna amatha kulembedwa dzina lachikazi.

Pali maina ofanana nawo amene si a banja limeneli. Fabrizio, Fabrice ndi Fabrício akuchokera kwa Fabricius, fuko lina, limenenso linali ndi msilikali wotchuka, Gaius Fabricius Luscinus, amene anakana ziphuphu za mfumu Pyrrhus. Flavian ndi Flaviano ndi a fuko la Flavius, dzina lokhudza tsitsi lachikasu. Fabinho si dzina la pachitupa: ndi Fábio wochepetsedwa, ndipo wosewera mpira wa ku Brazil amene amadziwika nalo dzina lake lenileni ndi Fábio Henrique Tavares. Kulembetsa mwana kuti Fabinho n'kumupatsa dzina laubwana loti adzalisenze mpaka imvi.

Ngati chimene chakukokani ndi kudekha kuja, njira yabwino ndi kuphatikiza ndi dzina lathu limene likunena zimenezo poyera. Fatsani, Pilirani kapena Dikirani akakhala pambali pa Fabiano, tanthauzo limamveka popanda kufotokoza za Hannibal. Zimathandizanso kumene mwambo umati dzina loyamba apereke ndi agogo, azakhali kapena amalume mwana akamatuluka m'chikuta: iwo apereke lawo, makolo awonjezere ili.

Lembani chimodzimodzi paliponse

Mavuto ambiri a dzinali sachokera ku tanthauzo, amachokera ku cholembera. Kalembedwe ka Chichewa kamaika y pakati pa i ndi a, ndiye mlembi wozolowera Chichewa akamva Fabiano amalemba Fabiyano. Wozolowera Chingerezi amadula o n'kulemba Fabian. Wina akamva Febiyani amalemba Febian, Fabiani ngakhalenso Phabian. Palibe amene walakwa mwadala, koma mwana mmodzi amakula ndi maina atatu: lina pakadi la kusikelo, lina pakadi la ubatizo, lina m'kaundula wa sukulu.

Chitani izi. Musanapite kulikonse, gwirizanani pakhomo kalembedwe kamodzi ndipo mukalembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu. Kuchipatala, ku parishi ndi kusukulu perekani pepalalo m'malo mongotchula pakamwa, ndipo muwerenge zimene alemba musanachoke pawindo. Chikalata cha kubadwa ndicho chikhale muyezo wa zina zonse. Ku Malawi chimaperekedwa ndi National Registration Bureau, bungwe lomwenso limapereka chiphaso cha unzika munthu akakwanitsa zaka 16. Malo achiwiri ofunika kukhala maso ndi polembetsa mayeso a Sitandade 8, chifukwa dzina limene lalowa pamenepo ndilo limakonda kuyenda mpaka pa satifiketi ya MSCE. Kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa satifiketi ndi chiphaso kumaoneka kochepa mpaka tsiku lopempha pasipoti, malo ku yunivesite kapena ndalama za penshoni. Pamenepo munthu amafunika kalata yolumbira yotsimikiza kuti Fabiyano ndi Fabiano ndi munthu mmodzi, ndipo zimadya nthawi ndi ndalama.

Musasinthenso ndondomeko ya maina. Fabiano amagwiranso ntchito ngati dzina la bambo, ndiye fomu ina ikalembedwa Fabiano patsogolo, ina pambuyo, kompyuta imaona anthu awiri. Kwa a ku Tete ndi ku Niassa, kumene zikalata zimalembedwa m'Chipwitikizi, Fábio ali ndi kachizindikiro pamwamba pa a ndipo Fabião ali ndi kake. Pa mizere iwiri ya pansi pa pasipoti imene makina amawerenga, tizizindikiro timeneti sitilembedwa, choncho pogula tikiti ya ndege lembani FABIO kapena FABIAO monga zilili pamizere imeneyo.

Dzinali likachoka pa munthu n'kupita pa njira yochitira zinthu

M'mabuku a mbiri ndi a ndale mudzapeza njira ya Fabius ikutchulidwa ngati dzina la machenjera. M'Chichewa munganene kuti "njira ya Fabius" n'kufotokoza kamodzi kuti ndi kulefula mdani wamphamvu pomukana nkhondo yaikulu. George Washington anatchedwa Fabius wa ku America chifukwa chosunga gulu lake m'malo molitaya pa nkhondo imodzi ndi Angerezi. Asilikali a Russia anachitanso chimodzimodzi mu 1812, akubwerera m'mbuyo ndi kuwotcha zakudya Napoleon akulowerabe m'kati mwa dziko lawo.

Musanatche chinthu dzina limeneli, yesani ngati zinthu zitatu zilipo. Kodi wodikirayo ndi wofooka pa nkhondo yamaso ndi maso? Kodi nthawi ikudya mdani kuposa iyeyo? Kodi podikirapo akuchita kanthu? Chachitatuchi n'chimene chimasowa kawirikawiri. Fabius sankakhala pansi: ankasamutsa msasa, kutseka mipata, kugwira osaka chakudya. Komiti imene yangokhalira pempho miyezi isanu siikutsata Fabius, ikungozengereza basi. Timu ya mpira imene yatseka kumbuyo n'kumadikira kuti anzawo atope kenako n'kuwabaya, imeneyo mungaitchule. Njirayi imalephera ngati mdani ali ndi chakudya ndi thandizo losatha, kapena ngati anthu ako omwe atopa nawe asanatope adani, zimene zinatsala pang'ono kumuchitikira mwini wakeyo.

Pa ndale dzinali lili ndi mwini wina. Bungwe la Fabian Society linakhazikitsidwa ku London mu 1884, ndipo linatenga dzina la msilikaliyu posonyeza kuti likufuna kusintha dziko pang'onopang'ono kudzera m'malamulo ndi maphunziro, osati mwa kuukira boma. Kwa nthawi yaitali chizindikiro chake chinali kamba. Mamembala ake, Sidney ndi Beatrice Webb ndi George Bernard Shaw, anali m'gulu la amene anayambitsa London School of Economics mu 1895, ndipo bungweli linathandiza kukhazikitsa chimene chinadzakhala chipani cha Labour mu 1900. Nthambi yake yoona za maiko a atsamunda, Fabian Colonial Bureau, inayamba mu 1940, ndipo Hastings Kamuzu Banda ali dokotala ku Britain anali membala wake. Choncho mukalemba kuti wandale wakutiwakuti ndi wa maganizo a Fabian, owerenga odziwa amva kuti ndi wa sosholizimu yoyenda pang'onopang'ono, osati kuti ndi katswiri wa nkhondo. Ngati mukunena za nkhondo kapena za mpikisano wa malonda, tchulani Fabius; ngati mukunena za bungwe lija, tchulani Fabian.

Pa chikwangwani cha bizinesi kapena sukulu, ganizani kaye chimene kasitomala amve. Ambiri akaona Fabiano angoganiza kuti ndi dzina la mwini wake, ndipo palibe vuto. Amene akudziwa mbiri adzaganiza za kuchedwa. Dzinali likuyenera kampani ya alonda, gulu losunga ndi kubwereketsa ndalama, malo ogulitsa mbewu za mtundu wa nyemba, kapena sukulu imene mawu ake otsogolera ndi akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa minibasi, pa kampani yonyamula katundu kapena pa malo okonzera mafoni mwachangu, Cunctator ndi dzina loti mulisiye. Musanalipire wojambula chikwangwani, kafufuzeni ku ofesi yolembetsa mabizinesi ngati wina sanalitenge kale, ndipo kalembedwe ka pachikwangwani kafanane ndi ka pa satifiketi ya bizinesi ndi ka ku banki, chifukwa cheke cholembedwa Fabiyano banki ikhoza kuchikana pa akaunti ya Fabiano.